Kakonzedwe ka Paki ya Mumzinda

Paki ndi malo amene khonsolo inapatula kuti anthu a mumzinda azipumulirapo. M'Malawi muno malo otere alipo kuyambira kale: ku Zomba kuli munda wa zomera umene unayamba m'nthawi ya atsamunda, ku Blantyre kuli Njamba kumene Papa John Paul II anachititsa Misa mu 1989, ndipo Lilongwe, imene inakhala likulu mu 1975, anaijambula ndi mitengo yambiri pakati pa maeliya. Kukonza paki kuti ikhalitse kumatsata njira imodzi pafupifupi paliponse.

Choyamba ndi ndondomeko. Ya paki ya mumzinda silembedwera mumzinda, chifukwa maganizo a kapinga amabwera bwino munthu akamaona nyanja. Komiti imapita ku Salima kapena ku Mangochi, ndipo pepala losainira alawansi limazungulira pemphero lotsegulira lisanafike pa ameni. Chotuluka kumeneko ndi buku lachikuto chonyezimira, lokhala ndi chithunzi cha kasupe wothovoka ndi bambo wina akuyenda ndi galu wapachingwe. Zonsezi amati zidzatheka pofika 2063, chaka chabwino kwambiri, poti osainawo palibe amene adzafunsidwe.

Ndalama zimayenera kuchokera ku msonkho wa nyumba ndi malo, ziphaso za bizinesi, matikiti a pamsika ndi thandizo la boma. Pamzere wodikira ndalamazi paki imaima kumbuyo kwa malipiro, zinyalala ndi maenje a mumsewu. Ikamafika kutsogolo mitengo ya zinthu yasintha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, benchi ya pabajeti inasanduka thabwa. Otsala ndi akufuna kwabwino. Makampani amakonda kupereka chinthu chimene angapakepo penti ya mtundu wawo, monga geti, bini ndi chikwangwani. Chikwakwa, paipi ya madzi ndi malipiro a mlonda sizipeza mwini, poti pa mlonda sapakapo penti.

Gawo lalikulu la ntchito yonse ndi mwambo wotsegulira, umene umachitika m'nyengo yodzala mitengo, pakati pa Disembala ndi Epulo. Ana a sukulu amafika mmamawa n'kuima padzuwa. Mlendo wolemekezeka amafika anawo atayimba nyimbo zonse zimene akudziwa n'kuyambiranso. Amatsika m'galimoto atavala magambuti atsopano, chipepala cha mtengo wake chikadali kulendewera, n'kupita padzenje limene anakumba anthu ena dzulo lake. Khasu amaligwira ndi nsonga za zala, wina atamugwirira ambulera, wina jekete, wina foni. Akathira madzi, wojambula amati, "Bwana, tabwerezaninso, simunayang'ane kuno." Bwana amabwereza, wa kanema nayenso amapempha zake, mpaka mbande imamira. Madzi amenewo ndi oyamba ndi otsiriza. Kenako bwana amalankhula kwa ola lathunthu za ubwino wa mthunzi, iye ali mutenti, omvera ali pamtetete, ndipo ndalama ya tentiyo, zokuzira mawu, matisheti ndi mafuta a galimoto zomuperekeza imaposa ya mbande zonse kutalitali. Pochoka, galimoto yake pokhota imaponda mbande ziwiri zimene anadzala ana aja.

Zikatero paki imaperekedwa m'manja mwa eni mzinda, omwe ali ndi miyambo yawoyawo. Chikwangwani choletsa kutaya madzi pamtengo ndicho chimauza odutsa mtengo woyenera. Bini imakhala yoyera mkati, majumbo ndi zitsononkho zitaizungulira ngati anamfedwa. Masana mlaliki amaimika sipika pafupi ndi benchi imodzi yokhayo imene yatsala ndi matabwa, ndipo munthu amene anabwera kudzagonako pang'ono amabwerera kuntchito atalapa. Loweruka a ukwati amalowetsa mdipiti wa galimoto pakapinga kuti akwati ajambulitse, kenako n'kudandaula kuti kapinga wa masiku ano ndi wosaoneka bwino. Pangodya wina walima kale chimanga, ndipo amakalipira ana kuti mpira wawo ukumuthyolera mbewu.

Tcheni cha katungwe chimatha usiku umodzi, kupita kwa ogula zitsulo zakale, ndipo pambuyo pake mizati imatsatira. Anawo amabwerera kumsewu ndi chikulunga chawo, kumakasewera akuzinda minibasi ndi njinga za kabaza. Makolo awo, amene amatukwana khonsolo pa wailesi, ena mwa iwo ali ndi ngongole ya msonkho ya zaka zambiri. Tsiku lina mbali imodzi ya paki imadzuka itatchingidwa ndi malata, ndipo aliyense wofunsidwa amati nkhaniyo ili ndi a ku ofesi ina.

Gawo lomaliza ndi kuunika. Komiti imabwerera kunyanja, n'kupeza kuti vuto linali kusowa kwa ndondomeko. Mvula ikagwa amaitana mlendo wolemekezeka wina, kapena yemwe uja ngati sanamuchotse paudindo, kuti adzadzale mtengo. Apa khonsolo imapulumutsako ndalama pang'ono, chifukwa dzenje limakhala lomwe lija la chaka chatha.