Mlembi wa machimo a eni

Pa maudindo onse a mumpingo, wokoma kwambiri ndi wa mlembi wa komiti yoona za makhalidwe. Msungichuma amamuwerengera ndalama, wapampando amamujeda, koma mlembi ndiye mwini cholembera, ndipo tchimo limene iye sanalembe ndiye kuti silinakambidwe. Udindo umenewu ndi wanga kuno m'munsi mwa phiri la Michesi. Kampeni sindinachite. Anandisankha chifukwa tsiku la chisankho ndine ndekha amene ndinabwera ndi kope.

Ntchito yoyamba imene abusa anatipatsa inali yolemba kalata yopita kwa aphungu, yotchula zoipa zonse zimene boma liyenera kuletsa dziko lisanapite kuphompho. Anapeza munthu woyenera, chifukwa ine zoletsaletsa ndinayamba kale.

Mu Ogasiti 2003, aphungu atagwirizana kuti TVM isiye kuonetsa Big Brother Africa chifukwa inali kuononga ana, ife kuno tinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. M'mudzi monse munalibe wailesi ya kanema, za magetsi osanena. Koma ine pulogalamuyo inandikwiyitsa kwambiri moti ndinapalasa njinga mpaka ku Migowi kukafunafuna komwe amaonetsa, kuti ndikaone ndi maso anga chinthu chimene ndinkadana nachocho. Khoti lalikulu litachotsa chiletsocho patangopita masiku ochepa, ndinadandaula kwabasi, ndili pa benchi lakutsogolo.

Ndinakulira m'nthawi ya Kamuzu, pamene lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Mayi anga sanavalepo thalauzi moyo wawo wonse, ndipo dziko linali laulemu, kupatula kuti nkhuku zinkabedwabe ndipo atsikana ankatengabe mimba atavala madiresi ofika m'mapazi. Nthawi yomweyo amuna ankaletsedwa kusunga tsitsi lalitali. Lamulo limeneli ndimafuna libwerere, makamaka chiyambireni dazi langali.

Choncho pamene maepiskopi a Katolika ndi a Evangelical Association of Malawi anatsogolera anthu m'misewu pa 6 Disembala 2016 kukana bilu yochotsa mimba, mtima wanga unali nawo. Mu Marichi 2021, aphungu atakana ngakhale kungokambirana biluyo pamene a Matthews Ngwale anafuna kuibweretsa m'Nyumba ya Malamulo, ndinauza aliyense kuti mapemphero anga agwira ntchito. Nanga pa 13 Julaye 2023 paja? Akhristu ndi Asilamu anayenda limodzi kukana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ku Blantyre atatsogozedwa ndi Ambuye Thomas Luke Msusa, nthawi imene mlandu wa Jan Willem Akster ndi Jana Gonani unali kukhoti. Ine sindinafike ku Blantyre, thiransipoti inali itakwera. Ndinayenda nawo mumtima, nditakhala pansi pa mtengo wa mango pamalo pena pamene wailesi imamveka bwino. Zoti pamalopo amagulitsaponso zakumwa si mlandu wanga. Wailesi ndi imene imasankha pogwira. Khoti litagamula mu Juni 2024 kuti malamulo oletsa mchitidwewu akhale momwe alili, ndinabwereranso pamalo pomwepo kukathokoza.

Nkhondo imeneyi ndimaikonda chifukwa sindinagonjepo. Chibadwire changa palibe mwamuna mnzanga amene anandifunsirapo, ndipo mimba sindinatengepo. Pa machimo awiri amenewa mbiri yanga ndi yoyera mbee, moti ndikaimirira kuwadzudzula mawu amatuluka okha.

Vuto linadza pa tsiku la msonkhano, chifukwa abusa, mosandifunsa, anaitananso amayi.

Tinayamba bwinobwino. Mathalauzi a atsikana ndinalemba. Mavinidwe a m'mavidiyo a masiku ano ndinalemba, n'kuonjezerapo zina zimene ndinafufuza pandekha. Kenaka mayi wina wachikulire anakweza dzanja.

"Alembi, lembani kachasu ndi midoli."

Cholembera chinayamba kudukiza. Ndinachigwedeza, ndinachiuzira mpweya, ndinachiyesa pachikhatho. Podikira kuti inki itsike ndinawafotokozera mayiwo, mofatsa, kuti boma linaletsapo kale mowa wa m'masacheti, ndipo chinachitika n'chiyani? Mowa womwewo unangosamukira m'timabotolo. Izi zikusonyeza kuti lamulo silisintha mtima wa munthu. Munthu womwa amafunika kumupempherera, kumuleza mtima, ndi kumusungira nsima akachedwa. Abambo onse anati amen. Sindinamvepo amen wamphamvu chotero chiyambire chaka.

"Ndiye lembani zobetcha mpira," anatero mayi wina. "Ana akusowa makope, abambo awo ali kalikiliki ndi mafoni Loweruka lililonse."

Ndinati imeneyo ndi bizinesi yovomerezeka, imakhoma msonkho, ndipo mpingo usalowerere za chuma cha dziko.

Apa ndi pamene anaimirira mayi a kunyumba kwanga. Kunyumba amanditchula kuti abambo, koma tsikuli anati "alembi", mokoka, ndipo ndinadziwa kuti mvula yafika.

"Alembi, lembani kuti boma limange mwamuna aliyense amene amatenga nandolo wolima ndi mkazi wake, kukagulitsa ku Chiringa, n'kubwera patatha masiku ali ndi sopo mmodzi ndi nkhani yoti mavenda anamubera pa sikelo."

Tchalitchi chonse chinatembenukira kwa ine, ngakhale sanatchule dzina. Ndinaimirira ndi ulemu wonse n'kukumbutsa msonkhano kuti dziko lino lili ndi malamulo oteteza ufulu wachibadwidwe, kuti zochitika m'nyumba mwa anthu awiri akuluakulu ndi zachinsinsi, ndipo boma lilibe mphamvu yosuzumira pazenera la munthu. Mawu amenewa ndinawamva pa wailesi tsiku lina kuchokera kwa anthu a mabungwe aja ndimawatsutsa. Sindinkadziwa kuti ndinawasunga. Anatuluka onse, mwadongosolo lake, ngati mbewa zothawa utsi. Komanso mavenda a nandolo amaberadi pa sikelo, funsani aliyense. Ndipo ine ndine mkamwini pamudzi pano; munda ndi wa akazi anga, nyumba ili pamalo a apongozi, ndiye kandalama ka nandolo ndi ufulu wokhawo umene ndinatsala nawo.

Mayi wina amene anagwirapo ntchito kuchipatala sanaseke nawo. Anati iye anaonapo atsikana akubwera usiku pa njinga magazi ali chuchuchu, atayesa kuchotsa mimba ndi kamtengo ka chinangwa, ndipo sanaonepo ngakhale tsiku limodzi mwini mimbayo atabwera nawo. Anafunsa ngati kalata yathu ili ndi mzere wa amuna amenewo. Wina anaonjezera za ana okwatiwitsidwa ali ku pulayimale. Apa m'tchalitchi munazizira. Tonse tikudziwa khomo limene linalandira mbuzi chaka chatha, ndipo mwini khomolo anali nafe pomwepo, akuwerenga malata akudenga. Ndinapulumutsa msonkhano pofotokoza kuti chiyambire 2017 malamulo aakulu a dziko amaletsa kale ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndiye sitingavutitse aphungu kupempha chinthu chimene chilipo kale. Wina kumbuyo anati nanga enawo amene tinayendera mu 2023 sanalipo kale? Ndinalemba kuti panali phokoso.

Mkulu wina wa mpingo, wa imvi zake, anatikumbutsa za kalata ya maepiskopi ya pa 8 Marichi 1992, imene inanena za malipiro a anthu osauka, masukulu, zipatala ndi ufulu wolankhula, boma n'kuitcha youkira, mpaka bambo John Roche a ku Mzuzu kuthamangitsidwa m'dziko. Anati bwanji nafenso tilembe za anthu a ku Nkhulambe amene namondwe wa Freddy anawasiya pamtetete, ndi za mankhwala osowa m'zipatala. Ndinawayankha mwaulemu kuti achikulire, zimenezo ndi ndale. Ine ndimakonda zionetsero zimene apolisi amayenda kutsogolo kukutsegulirani msewu. Zija amabwera kumbuyo ndi utsi okhetsa misozi ndinasiyira achinyamata.

Kalata inatuluka yaudongo. Muli mathalauzi, muli mavidiyo, muli tsitsi lalitali la anyamata, muli machimo ena amene kuno timangowamvera pa wailesi. Zimene ananena amayi ndinaziika pansi pa mutu woti "zina ndi zina", popanda kuzitchula, kuti pepala lisathe. Komiti inandipatsa K5,000 yoti ndikataipitse kalatayo pa boma ndi kugula envelopu.

Tsoka ilo linali Loweruka. Ndinaganiza kuti kalata yofunika chotere siyenera kupita kwa phungu mmodzi yekha, ndipo ndalama itachulukitsidwa kasanu tikanatumiza kwa aphungu onse a m'boma la Phalombe, ina n'kupita kwa a DC. Matimu anayi anachita zimene ndinawatuma. Timu yachisanu inaphonya penate mphindi yomaliza, umboni winanso woti achinyamata a masiku ano alibe mwambo. Abusa ndawauza kuti makina otaipira anafa. Aphungu ayambe adikira, Loweruka likubwerali kuli masewero ena.