Derrick, Harry ndi Tambala wa Apongozi

Ndiyambe ndi kuulula kuti tisavutane: tambala uja ndidagulitsa ndine. Ndanena msanga dala, chifukwa ndi mmene magawo oyambirira a Derrick ankayendera. Ankakuonetseranitu wakupha, inu n'kukhala phee pampando kudikira kuti muone mmene mkulu uja amufinyire mpaka alavule yekha. Ndiye inu owerenga mwamudziwa kale wakuba. Amene sankadziwa ndi mayi a kunyumba. Kapena ndinene kuti ndi mmene ine ndinkaganizira.

Kwa amene simukumudziwa, Derrick ndi sewero la pa TV la ku Germany, la apolisi awiri ofufuza milandu yakupha mumzinda wa Munich. Lidayamba mu 1974 pa kanema wa ZDF n'kudzatha mu 1998, magawo 281, onsewo olembedwa ndi munthu mmodzi, Herbert Reinecker. Pamene linkatha n'kuti kuno kwathu tisanakhale n'komwe ndi TV yathuyathu, poti ija idadza mu 1999. Ine ndidalidziwa mochedwa zedi, mlamu wanga atabwera kuchokera ku Joni ndi fulashi yodzaza tho, n'kuiiwala patebulo. Sindidamukumbutse.

Vuto lake n'lakuti zonse zili m'Chijeremani, ndipo Chijeremani chimene ine ndimadziwa ndi BMW basi. Koma bambo wa pakhomo sanena kuti sakumva. Ndimamasulira ndekha, monga amachitira anyamata oika mawu m'mafilimu a ku vidiyo sho. Mzungu akalankhula kwa mphindi zisanu, ana amatembenuka: "Adadi, akuti chiyani?" Ine osaphethira: "Akuti, ambwana, usiku wa Lachiwiri munali kuti?" Mzungu winayo akayankha kwa mphindi zina zisanu: "Akuti anali kumaliro." Pa magawo onse amene taonera, theka la anthu a ku Munich adali kumaliro.

Chimene chidandigwira mtima ndi mkulu mwini wake, Stephan Derrick, amene ankaseweredwa ndi Horst Tappert. Munthu wamtali, magalasi aakulu, pansi pa maso pali timatumba ngati wachezera pasiwa masiku atatu. Sathamanga. Sakuwa. Mfuti ali nayo, koma mutha kuonera mpaka magetsi kuzima osaiona. Si za ku America zija zowomberana mpaka galimoto kuyaka moto. Iyeyu amangogogoda pakhomo la munthu wachuma, nyumba ya makapeti ndi piyano, n'kupempha mpando mwaulemu. Akakhala, amafunsa kafunso kamodzi kozizira, kenako n'kumuyang'ana munthuyo. Kumuyang'ana basi. Mwini nyumba amadzuka, amathira mowa m'tambula, dzanja likunjenjemera, amayenda kukafika pawindo, amabwerera. Derrick akadali duu. Pofika pamenepo munthu wamkulu ndi tayi yake amayamba kulira n'kunena zonse, ngakhale zimene sadafunsidwe. Ine pampando ndimachita kuwomba m'manja.

Pambali pake pali Harry Klein, amene ankaseweredwa ndi Fritz Wepper. Harry ndimamukonda, koma ndi chikondi chosakaniza ndi chisoni. Zaka 24 ali pambuyo pa bwana mmodzi. Foni ikalira, Harry. Wina akalumpha mpanda, wothamanga ndi Harry. Ku Germany mpaka kuli nthabwala yotchuka ya Derrick kutuma Harry kuti akatenge galimoto. Ndipo asanabwere kwa Derrick adali kale wotumidwa wa wapolisi wina mu sewero la Der Kommissar kuyambira mu 1969, dzina lomwelo, ntchito yomweyo. Gawo lomaliza, Derrick akukwezedwa kupita ku Europol. Harry akutsala akubayibitsa. Ndinkapukusa mutu n'kumati padziko pano pali amuna ena obadwira kutumidwa. Ndinkanena zimenezi ndikusenda mbatata zimene mayi adandipatsa kuti ndisende.

Tsoka lidandipeza pamsika wa Ndirande, pa mulu wa kaunjika. Pakati pa masiketi ndi zipewa za ana padatulukira chijasi chachitali, chofiirira mopepuka, cha lamba m'chiuno ndi kolala yoimika. Chenicheni cha Derrick. Nditachiyesa, mnyamata wogulitsa adabwerera m'mbuyo masitepe awiri n'kunena kuti, "Biggie, mukuoneka ngati a CID." Akadati ndikuoneka bwino ndikadachisiya. Koma adanena mawu amene mtima wanga wakhala ukudikira chibadwire.

M'thumba mudali ya minibasi yokha. Kunyumba kudali tambala wofiira amene mayi ankamunenepetsa ndi madeya kuyambira mwezi wa June, kudikira apongozi amene ankabwera pa 15 October, Tsiku la Anakubala. Zotsatira zake mwazidziwa kale. Lachiwiri, mayi ali kukwaya, tambala adakwera kabaza ndi ine, ine ndidabwerako wapansi ndi chijasi m'jumbo.

M'mawa mwake kudacha mwakachetechete. Mayi adaima pakhola, manja m'chiuno. Sadakuwe. Adangoti, "Bambo, tambala kulibe."

Apa munthu wanzeru akadati mwina ndi agalu, n'kupita kuntchito. Koma ukaonera kwambiri zinthu izi umadziwa kuti wokhala chete ndi amene amakayikiridwa. Ndidalowa m'chipinda, ndidatuluka nditavala chijasi, lamba womanga, kolala ili njo. Mu October. Mu Blantyre. Dzuwa loti ngakhale abuluzi amafuna mthunzi.

"Nkhaniyi isiyeni m'manja mwanga," ndidatero.

Mayi adachiyang'ana chijasicho kuchokera kukolala mpaka kumaondo. "Chabwino, bambo," adatero, n'kukayatsa mbaula.

Derrick sayenda yekha, choncho ndidaitana mphwanga, mwana wa mlongo wanga amene timakhala naye, wa Fomu 2. Ndidamupatsa kope ndi cholembera n'kumuuza kuti kuyambira lero iye ndi Harry. Adafunsa ngati Harry amalipidwa. Ndidamuuza kuti alembe zimene ndikunena, osati zimene akuganiza.

Tidayamba ndi aneba a kumtunda, bambo wopuma pantchito amene padzala pake padali nthenga. Ndidapempha mpando mwaulemu. Ndidakhala. Ndidafunsa kuti Lachiwiri madzulo adali kuti, kenako ndidayamba kuwayang'ana. Mphindi imodzi. Ziwiri. Thukuta lidayamba kutsika kuchokera m'khosi, kudutsa pamsana, kukasonkhana pa lamba. Iwo adandiyang'ananso, akutafuna chinangwa. Mphindi yachinayi adaitana akazi awo: "Tabweretsani madzi, aneba sakupeza bwino." Adandiperekeza mpaka pageti atandigwira mkono, akundilangiza kuti malungo a masiku ano si ochedwa nawo. Nthenga zija zidali za nkhunda.

Kwa amayi ogulitsa mandasi sikudatenge nthawi. Ndisanamalize funso adandikumbutsa ngongole ya mwezi watha, Harry n'kulemba m'kope.

Chimene sindidachiganizire n'chakuti Harry wanga adzaitenga ntchitoyo ngati yeniyeni. Madzulo adandipeza kuseri kwa nyumba ndikudzikupiza ndi katoni, iye kope lili m'manja.

"Amalume, ndaona zinthu zitatu. Pakhola palibe nthenga kapena magazi, ndiye si galu. Chitseko chinamangidwanso ndi waya, mapindidwe ake ngati a pakhomo pano; wakuba sangatseke khola pochoka. Chachitatu, anasiya thadzi, anatenga tambala yekha, ngati ankadziwa wonenepa."

"Wachita bwino, Harry. Kapume."

"Chachinayi, amalume. Chijasichi mwagula liti?"

Ndidamuuza kuti pa magawo 281 palibe pamene Harry adafunsapo Derrick za zovala zake. Ndidamulanda kope, n'kumuchotsa ntchito pompo chifukwa chosowa mwambo.

Usiku umenewo tulo sitidabwere, ndipo maganizo adapita kwa Tappert mwiniwake. Iye adamwalira mu 2008 ali wolemekezeka, sewero lake litaonetsedwa m'maiko oposa 100. Patapita zaka zisanu, mu 2013, zikalata zakale zidaonetsa kuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ali mnyamata wa zaka 19, adali msilikali wa Waffen-SS, gulu la nkhondo la chipani cha Hitler. ZDF idasiya kubwereza seweroli. Zimenezo si zoseketsa, ndipo tsiku limene ndidazimva nsima sidatsike bwino. Munthu amene ankaululitsa anzake zinsinsi pa TV, chake adachisunga zaka zoposa 60 osatuluka thukuta. Ine changa chidali ndi tsiku limodzi lokha, koma malaya adali atanyowa kale.

Lachinayi madzulo mayi adatuma ana kwa aneba kukaonera mpira. Adayala nsima patebulo, pambali pake kambale ka bonya wowerengeka. Adakhala moyang'anizana nane. Sadasambe m'manja.

"Kafukufuku akuyenda bwanji, bambo?"

"Tili ndi anthu angapo amene tikuwakayikira."

"Oho."

Basi. Adapinda manja n'kuyamba kundiyang'ana. Ndidatema mbamu, idakanirira pakhosi. Ndidadzuka kukatunga madzi, kapu ikugogoda mano. Ndidapita pawindo, ndidasuzumira kunja kopanda kanthu, ndidabwerera. Iwo ali duu. Ndipo muli mkati mozunzika chomwecho, mbali ina ya mutu wanga inkasirira: kakhalidwe kake, kapendekedwe ka mutu, kuleza mtima kwake. Miyezi yonse ija ndinkayesa amasoka zigamba osatsatira filimu.

Sindidafike mphindi zitatu. Ndidanena za tambala. Ndidanena za kabaza. Ndidanenanso za ndalama ya magetsi ya mwezi wa March, imene palibe adandifunsa.

Adamvetsera mpaka ndidauma pakamwa. Kenako adati, "Za tambala ndinadziwa Lachiwiri lomwelo. Wakabaza munamupatsa ndalama yoperewera, ndiye anandipeza pobwera kukwaya kuti ndimalize. Anati munamuuza kuti tambalayo akudwala, mukupita naye kwa dokotala." Adasamba m'manja, n'kutema nsima. "Za magetsizo ndiye ndazimva lero."

Ndidafunsa, mawu ali pansi, chifukwa chimene adandilekerera masiku awiri ndikuzungulira mudzi ndi chijasi padzuwa.

"Aneba onse ankadziwa. Tinagwirizana kuti tione ngati mudzigwire."

Apongozi adafika pa 15 paja, ndipo adadya nkhuku ya pamsika imene ndidagula ndi ndalama yokongola kwa mphwanga, pa chiwongoladzanja chimene sindingachitchule m'nyuzipepala. Adaitafuna nthawi yaitali n'kunena kuti nkhuku za m'tauni zilibe fungo. Nkhani ya chijasi adali ataimva kale asanatsike basi.

Derrick timaonerabe Loweruka lililonse, koma womasulira tsopano ndi mayi, ndipo m'Chijeremani chawo wolakwa aliyense ndi mwamuna amene adagulitsa katundu wa mkazi wake. Chijasi chili m'khola. Thadzi lija lidachikonda, laikiramo mazira asanu ndi anayi ndipo likufungatira pakolala penipeni, ndikayandikira limandijompha. Dzulo, gawo lili pakati, mkulu uja atangokhala pampando kuti ayambe kumuyang'ana munthu, mayi adalankhula maso ali pa TV:

"Bambo, katengeni njinga. Chimanga chija chipite kuchigayo asanatseke."

Mphwanga adandiponyera kiyi wa loko osadzuka n'komwe.