Lisiti Lakuda ndi Mboni Yomvera

Ntchito ya paralegal ndi ya kuseri. M'khoti amayankhula ndi abwana loya. Ine changa ndi kusaka mboni, kulemba zimene zanena ndi kusanja mapepala m'fayilo. Pa mlandu wa chigayo ndinaigwira ntchitoyi ndi changu chopyola muyeso, moti mayi wamasiye anatsala pang'ono kutuluka m'khoti chimanjamanja.

Mwamuna wake atamwalira, alamu ake anakhoma loko pachigayo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana a malemu, ndipo kulanda katundu wotere ndi mlandu. Alamuwo ankalidziwa lamulolo, n'chifukwa chake anabwera ndi nkhani yakuti injini ya chigayocho inagulidwa ndi bambo awo kalekale, malemu ankangoiyang'anira. Ife tinali ndi zida ziwiri: lisiti la ku Limbe lokhala ndi dzina la malemu, ndi agogo ena oyandikana nawo amene anathandiza kutsitsa injiniyo pagalimoto.

Lisitilo linali la makina a EFD aja anafala m'masitolo kuyambira 2014, kapepala kopyapyala koterera. Abwana anali atandichenjeza kuti khoti limafuna pepala lenileni, fotokope payokha imavuta kulandiridwa. Inali nyengo ya mvula, ndiye nzeru zinandibwerera: ndikalimatitse pulasitiki lisanyowe. Zoti zilembo za pepala lotere si za inki koma zimatuluka ndi kutentha, ndinazidziwira pomwepo. Linalowa m'makina lili lisiti, linatuluka lili bii ngati kunsi kwa mphika. Fotokope ndinali nditati ndichita pambuyo, pepala likaoneka bwino.

Chiyembekezo chonse chinatsalira pa agogo. Ndinapalasa njinga kupita kwawo, Fanta ndi mabanzi m'chikwama, ndipo ndinawafotokozera lamulo la umboni. "Agogo, m'khoti munthu amanena zimene anaona ndi maso ake. Zongomva kwa ena saloleza." Anavomera. Pakanathera pomwepo bwenzi zili bwino, koma nkhani yawo inkayambira pa njala ya 2002, n'kudzera pa maliro atatu, isanafike pa injini. Ndinaidula, ndinaikonza, ndinawalembera ziganizo zisanu zowongoka n'kuwauza kuti aziloweze.

Tsiku la mlandu agogo analumbira, womasulira anaima pambali pawo. Funso loyamba linali la zaka zawo.

"Zimenezo sindinganene, bwana," anatero. "Tsiku lobadwa ine sindinalione. Ndinangomva kwa amayi."

M'khoti monse munamveka phwete. Kenaka analakatula ziganizo zanga zisanu mosaphonya, mpaka ndi mawu akuti "pa tsiku lotchulidwalo", amene sanatulukepo m'kamwa mwa munthu aliyense wa m'mudzi mwawo. Loya wa mbali inayo anaimirira akumwetulira.

"Bambo, mawu okoma chonchi ndi anu?"

"Ayi, ndi a mwana uyo wavala tayiyo. Wophunzira kwambiri. Anandigulira ndi Fanta yemwe."

Khosi la abwana linatembenuka pang'onopang'ono kuloza kwa ine. Kukonzekeretsa mboni n'kololedwa: kuiuza mmene khoti limayendera, kuikumbutsa zimene inanena kale, kuichenjeza kuti idzapanikizidwa ndi mafunso. Kuiika mawu m'kamwa ndi nkhani ina, ndipo ikalowapo Fanta, zimaoneka ngati mboniyo yagulidwa. Abwana atapereka lisiti lakuda lija, amajisitireti analitembenuza uku ndi uku n'kufunsa ngati kutsogolo kwake ndi kumeneko. Tinapempha kuti mlandu uimitsidwe kaye, ndipo mwamwayi anatilola.

Panja mayi uja sanandikalipire. Anangomasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kope lothimbirira ndi ufa ndi dizilo. "Achimwene, ili ndinakupatsani tsiku loyamba, munati ndi lauve." Munali ngongole ya banki m'khonde imene iye ndi malemu anatenga pogula injiniyo, ndi ndalama zimene ankabweza mwezi ndi mwezi, msungichuma atasainira paliponse. Msungichumayo anabwera ndi buku la gulu, manambala n'kugwirizana ndendende. Iyeyu sindinamuphunzitse kanthu, abwana anandiletsa ngakhale kumupatsa moni. Anafotokoza mozungulira, mokhotakhota, ndipo mafunso onse a loya uja anawayankha osagwedezeka, poti nkhaniyo inali yake. Loko anachotsedwa pachigayo.

Kuofesi tsopano makina omatira pulasitiki amakhala m'kabati, kiyi ali ndi mlembi. Agogo aja anatumiza uthenga posachedwapa. Akuti ziganizo zisanu zija akadali nazo pamtima, ndiye ngati pali mlandu wina wosowa mboni, iwo ali okonzeka, bola ulendo uno chakumwacho chikhale chozizira.