Kuona Maso a Nkhono N'kudekha, Koma Mkonzi Akudikira

Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sananame. Maso a nkhono ali kunsonga kwa tinyanga take. Ukangoikhudza, imabweza zonse m'chigoba, iwe n'kutsala uli kukamwa yasa. Vuto n'lakuti amene anapeka mwambiwu sanalembepo nkhani m'nyuzipepala. Analibe mkonzi woimba foni 3 koloko masana n'kumati, "Achimwene, nkhani ija ili kuti? Tsamba lonse likudikira inu."

Ku America kuli anthu amene anaganiza zophunzitsa atolankhani kudekha, ndalama zake n'kumalipira okha. Ku Woods Hole, m'chigawo cha Massachusetts, bungwe la Marine Biological Laboratory lili ndi ndondomeko yotchedwa Logan Science Journalism Program. Amatenga atolankhani, kuwaveka jombo, n'kuwalowetsa m'matope kuti akatunge madzi, akakumbe dothi, akayeze ndi manja awo zimene asayansi amayeza. Ena amakafika mpaka ku Toolik, kumpoto kwa Alaska, kumene nthaka yapansi imakhala youndana chaka chonse ndipo m'miyezi yotentha dzuwa limaiwala kulowa. Udzudzu wake ndiye usanene.

Kwathu kuno maphunziro a za kusintha kwa nyengo aliponso, tisadzichepetse. Kungoti amachitikira ku hotela za kunyanja, ku Salima kapena ku Mangochi, m'chipinda chozizira ndi makina, mmene timadandaula za kutentha kwa dziko titavala majekete. Mtengo timauona pa khoma, katswiri akudina kompyuta. Chimene timachiyeza mosamala ndi mzere wosainira alawansi, ndipo pamenepo palibe amene amalakwitsa masamu. Pobwerera timalemba kuti "pakufunika kugwirana manja", mawu amene akhala akugwira ntchito chichokereni Atsamunda koma sanameretsepo ngakhale mbande imodzi.

Ndiye ine ndikuti tiyese Kachebere, ku Mchinji. Malo amenewa kudekha anakuzolowera kale. Ansembe a White Fathers anafikako mu 1903, ndipo seminale yaikulu inatsegulidwa mu 1939. Chiyambire pamenepo anyamata akhala akukhala pansi zaka, kusinkhasinkha mafunso amene ngakhale mayankho ake amabala mafunso ena. Ngati mnyamata angapirire filosofi, mtolankhani angalephere bwanji kupirira dzinja limodzi?

Komanso kumeneko ndi kumalire, kumene munthu amaphunzira msanga kuti mtambo sudinditsa pasipoti pa Mwami. Mu 2024, El Niño atauma mtima, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza za ngozi ya chilala ku Zambia pa 29 February. Pa 23 March Pulezidenti Lazarus Chakwera naye analengeza zomwezo m'maboma 23 mwa 28 a dziko lino. Mayiko awiri, zilengezo ziwiri, koma chimanga chinafota chimodzimodzi. Ndipo m'mapiri a Mchinji ndimo mumachokera mtsinje wa Bua, umene umatsetsereka mpaka kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota n'kukathira m'nyanja. Nsomba ya mpasa imakwera mtsinje umenewu kukaswana. Wodula mtengo wa makala ku Mchinji sadziwa kuti dothi lokokoloka pamene wadulapo likukakwirira mazira a ndiwo za munthu wa ku Nkhotakota. Nkhani yake ndi imeneyo, koma siipezeka pa khoma la hotela.

Ndondomeko yanga ndi yosavuta. Sabata yoyamba, foni aisunge mlangizi. Tikudziwa kuti zala zizinjenjemera, koma palibe amene anafapo nazo. M'mawa uliwonse mtolankhani azikawerenga chipangizo choyezera mvula. Aphunzire kuti milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Chowawa kwambiri, aphunzire kuti tsiku limene mvula sinagwe amalembabe ziro m'kaundula, ndipo ziro ameneyo ndi wofunika ngati mvula yogwetsa nyumba. Ife atolankhani ziro sitimukonda. Palibe anagulapo nyuzipepala chifukwa cha mutu wakuti "Dzulo Sikunachitike Kanthu".

Akatha apo alowe m'munda, azisuzumira m'masamba anthete a chimanga, phesi ndi phesi, kuwerenga mbozi za ntchemberezandonda zija zinatipeza cha m'ma 2017. Msana ukayamba kuwawa, ndiye kuti sayansi yayamba kulowa.

Pamene pagona nkhani ndi apa. Bungwe loona zanyengo padziko lonse, World Meteorological Organization, limati kuti udziwe nyengo yeniyeni ya dera uyenera kuphatikiza zaka 30, ndipo muyeso umene ukugwira ntchito pano ndi wa 1991 mpaka 2020. Zaka 30! Mtolankhani ali ndi maola atatu. Amafika wefuwefu n'kufunsa kuti, "Bwana, matalala agwa dzulowa ndiye kusintha kwa nyengo kuja?" Katswiri amakanda m'mutu n'kuti, "Zimatengera." Mkonzi akamva mawu amenewo amafuna kutaya foni.

Koma tisanyoze atolankhani okha. Nkhono yeniyeni m'nkhaniyi ndi wasayansi. Mukangomusonyeza maikolofoni, tinyanga tonse timalowa m'chigoba: "Tumizani mafunso pa imelo." "Lankhulani ndi mneneri wathu." Mneneriyo ali ku msonkhano, ku Salima komwe kuja. Koma munthu yemweyo mukayenda naye m'munda, mwanyowa limodzi, mwadya naye mtedza wokazinga pansi pa mtengo wa msuku, tsiku lina amatulutsa maso yekha n'kukuuzani zimene sakanalemba mu lipoti: kuti chipangizo chakuti chinabedwa, kuti ndalama za mafuta zinatha mvula isanathe, kuti mlimi wina wosapita kusukulu anamukonza pa za nthawi yodzala. Paja pa msewu wa Lilongwe–Mchinji pali malo ofufuzira zaulimi a Chitedze. Ambirife timangowadziwa ndi chikwangwani, minibasi ili pa liwiro.

Wina ati kudekha sikudyedwa, ndipo sakunama. Mtolankhani wolipidwa potengera nkhani zimene walemba akakhala mwezi akudikira nkhono, lendi imupeza asanaone diso ngakhale limodzi. N'chifukwa chake anzathu a ku America aja amalipira. Choncho inu a mabungwe, ndalama za msonkhano wotsatira musaperekenso ku hotela. Tengani atolankhani ochepa, kuyambira a wayilesi ya Mudzi Wathu konko ku Mchinji amene alimi amawamvera, muwalipirire kuyambira November mpaka April, muwagulire jombo ndi ambulera, muwatule ku Kachebere. Akonzi awo muwauze kuti asaimbe foni mpaka chimanga chitacha.