Amalume Anachira, Ife Tadwala

Kale amalume athu akauzidwa kuti "mutipempherere chakudya" ankagwidwa chifuwa chadzidzidzi n'kuzembera kuseri kwa nyumba. Akaimirira pagulu mawondo ankagundana, pepala likunjenjemera m'manja mpaka a mzere wachitatu kulimva. Abale tonse tinkawalimbitsa mtima: "Pumani kaye malume, yang'anani munthu mmodzi amene akumwetulira, yambani ndi moni." Mankhwalawo anagwira. Anagwira mopitirira.

Loweruka lapitali pa ukwati wina ku Area 25 anapatsidwa maikolofoni kuti alankhule m'malo mwa banja. "Ine sindichulutsa gaga m'diwa," anatero. Analonjera abusa, mayi busa, amfumu, nduna za amfumu, ankhoswe akuchimuna, ankhoswe akuchikazi, mpaka dalaivala wa minibasi yomwe inabweretsa abale kuchokera ku Ntcheu. Mbiri ya mkwati anaiyambira kusikelo. "Pomaliza" woyamba anamveka mpunga ukufuka nthunzi. Wachitatu anamveka mafuta atagwirana kale pamwamba pa nkhuku. Amayi amene anasinthitsa ma K50 a perekaniperekani ankadzikupizira mphepo ndi ndalamazo, ndipo DJ atayesa kutsitsa mawu, amalume anangoika maikolofoni pambali n'kupitiriza ndi kukhosi kwawo.

Koma amene amandiwawa kwambiri ndi uja wobwera pambuyo pake, woyamba ndi mawu akuti "anzanga anena kale zonse." Ngati anena zonse, bambo, mwaimiriranji? Munthu yemweyu mumupeza pamaliro, pa msonkhano wa makolo kusukulu, pa zokambirana za banki mkhonde. Adzukulu anakumba manda m'bandakucha, dzuwa likupendeka, iye akadafotokoza mmene anakumanirana ndi malemu pa depoti. Ndipo ife ndife opusa: timawomba m'manja kuti akhale pansi, iye n'kumayesa tikuti apitirize.

Gulu la Toastmasters, lomwe linayamba ku California mu 1924, limathandiza anthu kuthetsa mantha olankhula pagulu, koma lili ndi nzeru ina. Zolankhula zambiri zimapatsidwa mphindi 5 mpaka 7, ndipo pamakhala wosunga nthawi woonetsa chobiriwira, chachikasu, kenako chofiira.

Amfumu ndi akomiti, gulani nsalu yofiira. Muipereke kwa mayi amene waphika kuyambira usiku, ndipo mthiko wake musamulande.