Otola fodya m'mphepo

Pa 8 Epulo 2024, kampani ya Nintendo, ya ku Kyoto m'dziko la Japan, inazimitsa maseva amene ankalumikiza anthu osewera magemu pa makina a 3DS ndi Wii U. Sikunachite chivomezi, ndipo kampaniyo sinagwe. Analengeza tsiku, tsikulo litakwana n'kuzimitsa, basi. Munthu amene anagula makina ndi ndalama zake, gemu ndi ndalama zakenso, lisiti n'kusunga m'Baibulo, anadzuka m'mawa n'kupeza zonse zilipo, zikuyaka bwinobwino, koma anzake a ku Brazil ndi ku Korea amene ankapikisana nawo usiku uliwonse asowa onse.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Agogo amene anapeka mwambiwu sankadziwa kuti kudzabadwa anthu okhoza kukulanda fodya wolowa kale m'mphuno, iwo ali ku Japan, iwe uli pakhonde kwa Nthache, usanayetsemule n'komwe.

Mwina mukuti za ana a azunguzi zikutikhudza pati ife a ku Mwanza, amene nkhawa yathu ndi mtengo wa manachesi. Kaimeni pa boda tsiku lina muone zimene zimatsitsidwa m'ngolo za mabasi a ku Joni atadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Zobue. Pakati pa mafiriji, matiresi ndi zigubu za mafuta ophikira pamakhala timakatoni ta PlayStation 2, Xbox ndi Wii, zimene ana a ku Johannesburg anatopa nazo kalekale. Zimakathera m'tizipinda ta pamsika momwe muli benchi, TV ndi gulu la anyamata lodikira mapadi awiri kuti limenye mpira wa PES. Makina onsewa anapangidwa ndi khomo lotulukira pa intaneti, koma amatipeza khomolo litakhomedwa misomali. Kwa ife fodya amafika mphepo itadyako kale.

Tengani Wii. Khomo lake linatsekedwa pa 20 Meyi 2014, tsiku lomwe ife tinali pamizere kuvota pa zisankho zapatatu. Pamene tinkakokanakokana za mabokosi a mavoti, kwina anthu anali pa maliro a Mario Kart Wii, gemu ya mu 2008 ya timagalimoto toponyerana makoko a nthochi. Choseketsa n'chakuti Nintendo nayonso fodya wake anali pachala. Ntchito yolumikiza osewerayo inkadalira maseva a kampani ina yotchedwa GameSpy, imene inagulidwa ndi Glu Mobile mu 2012. Mwini watsopanoyo ataganiza zotseka, magemu ambirimbiri a makampani osiyanasiyana anatsala padzuwa.

Chimene chinatsekedwacho munthu wa ku Mwanza sangavutike kuchimvetsa, chifukwa ndi ofesi ya pa boda. Makina anu akafuna kusewera ndi anzake amayamba afunsa njira: ofesi ili kuti? Akafika amaonetsa chiphaso, amadinditsa, kenako ofesiyo imawauza kuti anzanu 11 ali apa ndi apo, kambiranani. Zikatero makinawo amatumizirana uthenga okhaokha, ofesi ili phee. Tsono Nintendo inangotseka ofesi n'kuchoka ndi chidindo m'thumba. Msewu ulipo, mathiraki alipo, mafuta ali m'matanki, koma wodinda palibe.

Apa mpamene mwambi uja unapunthwa kachiwiri, ndipo kupunthwa kwake kumandisangalatsa. Nintendo italengeza mu Febuluwale 2014 kuti itseka, anthu ena sanataye nthawi ndi misozi. Anatchera makompyuta awo pakati pa makina ndi seva, n'kumakola kauthenga kalikonse kodutsa, funso pamodzi ndi yankho lake. Musaiwale kuti Wii imalankhula pa Wi-Fi, kutanthauza kuti uthengawo umayendadi m'mphepo. Anthu akuluakulu, ena a ndevu zawo, ena oti mawa lake akalowa ntchito, anachezera kutola fodya m'mphepo, kafumbi kamodzikamodzi. Atatola anakhala pansi n'kumasanthula. Makina akanena chakuti, seva imayankha chiyani? Nambala iyi ikusinthiranji munthu wachitatu akalowa? Ukapanda kuyankha apa, makina amadikira nthawi yaitali bwanji asanakwiye? Palibe anawapatsa buku la malangizo. Anaphunzira chilankhulo cha seva pomvetsera kuseri, kenako n'kulemba seva yawoyawo yoyankha ndendende ngati malemu uja.

Mjeremani wina wodziwika ndi dzina loti Wiimm anatsegula yake, Wiimmfi, m'mwezi womwewo wa Meyi 2014, ndipo mpaka pano anthu akuponyerana makoko a nthochi kumeneko. Seva yeniyeni ya Nintendo inabadwa mu 2005 n'kumwalira mu 2014. Yongoyerekezayi yadutsa zaka 10, ndiye kuti yakhalitsa kuposa mwini gule.

Chovuta pa ntchito yonseyi ndi chidindo. Makina amafuna umboni woti akulankhuladi ndi kwawo, osati ndi bambo wina wa ku Germany. Pa Wii anachita kusintha pang'ono gemu yeniyeniyo kuti ivomere ofesi yatsopano. Koma mu 2018 wina anatulukira kuti kamakina ka Nintendo DS kamayang'ana mapepala mwaulesi. Kakaona kuti wosainayo ali ndi chiphaso chochokera ku Nintendo kamakhutira, osafunsa ngati munthuyo ali ndi udindo wosainira anzake. Zaka zonsezo mlonda anali kugona ataimirira. Kuyambira pamenepo mumangolowa m'masetini, n'kusintha manambala a DNS, omwe ndi kalozera uja woyankha funso loti ofesi ili kuti, kenako kamakinako kamanyamuka ndi mtima wonse kupita ku ofesi yachilendo, n'kupereka moni mwaulemu.

Ena anatengera phunziro. Gulu la Pretendo linayamba kukonza seva ya 3DS ndi Wii U kudakali zaka zingapo maliro asanalengezedwe, moti tsiku la mu Epulo lija linawapeza bokosi atakhoma kale, wolowa ufumu atasankhidwanso. Xbox yoyamba, imene Microsoft inaitsekera intaneti pa 15 Epulo 2010, inadzuka mu 2022 kudzera mwa a Insignia, itagona zaka 12.

Kuno kwathu wosema chidindo amakagona ku Chichiri, ndipo kunjako sikuti amaomberedwa m'manja nthawi zonse. Mu 2005 khoti la apilo ku America linagamula mokomera kampani ya Blizzard pa mlandu wake ndi anthu amene analemba bnetd, seva yotsanzira Battle.net ya kampaniyo. Pamenepo mwiniwake anali moyo, ofesi ikugwira ntchito, ndiye ndingamvetseko. Koma mwini akatseka dala, n'kunena poyera kuti sadzabwereranso, ine sindiona chimene wotola uja waba. Kampani ya Ubisoft itazimitsa maseva a The Crew kumapeto kwa Malichi 2024, gemuyo inakana kuyaka ngakhale kwa munthu wofuna kuyendetsa galimoto yekhayekha m'chipinda mwake. Mkwiyo wa zimenezi unabala kampeni ya Stop Killing Games, ndipo mu 2025 anthu osainira pempho lake lopita ku European Union anadutsa 1 miliyoni. Anthu ochuluka chonchi kusainira nkhani ya timagalimoto ta pa TV! Koma mukaganiza bwino, akufunsa funso la pamsika pa Mwanza: ndagula kapena ndabwereka?

Musaganize kuti kwa otola fodyawa ndi kumwamba. Munthu akasema chidindo amayamba kuyenda ngati ofisala. Maseva awowa ali ndi malamulo, ali ndi oweruza, ndipo wogwidwa akubera pa mpikisano amapirikitsidwa m'mudzi popanda apilo. Seva ikadwala mwiniwake ali kuntchito, dziko lonse limadikira aweruke. Akadzatopa, kapena mayi a kunyumba akadzafunsa za bilu ya magetsi, tidzayambanso kutola. Fodya wachoka pachala cha kampani n'kupita pachala cha munthu wachifundo, koma chala ndi chala.

Ndimaseka, komabe nkhaniyi imandikhalitsa chete ndikayang'ana madenga a kwa Govati ndi ku Thambani. Sola zangongole zimene zafala m'midzimu zimayaka zikalandira chilolezo chochokera kutali, ndipo mukachedwa kulipira zimadzitseka zokha. Mafoni angongole nawonso n'chimodzimodzi. Pamene mukulipira palibe chodandaula, pangano ndi pangano. Koma tsiku limene kampani ya katundu wotereyu idzasamuke kapena kugwa, wogula asanamalize ngongole, ndani adzatumize nambala yotsegulira? Tili ndi anyamata pamsika okhoza kuukitsa foni yogwera m'chitsime, okhoza kunyengerera PlayStation 2 kuti iwerenge magemu pa fulashi. Manja alipo. Chimene sindinamvepo ndi munthu wotchera kompyuta lero, katundu akadali moyo, kuti amvetsere zimene amakambirana ndi kwawo. A Wiimmfi anapambana chifukwa anamvetsera wodwala asanatsirizike.

Pali mtundu winanso wa anthu amene satola fodya, amangotsina mphuno osapuma. Microsoft itatseka mu 2010, osewera Halo 2 okwana 14 anakana kuzimitsa ma Xbox awo, podziwa kuti amene ali kale m'kati sangatulutsidwe pokhapokha atadukiza yekha. Anagwa mmodzimmodzi, womaliza n'kufika mu Meyi. Mu 2024 wina wodzitcha Fishguy6564 anachita zoposa pamenepo pa Mario Kart 7. Anakakamira pa netiweki ya Nintendo masiku oposa 200 chitsekereni, mpaka ka 3DS kake kanakomoka mu Novembala. Nyuzi za magemu zinamutamanda chifukwa cha khama. Ine ndimatamanda amene amamugulitsa magetsi ndi intaneti. Ku America Nintendo inkatseka Lolemba madzulo, kuno uli usiku wolowera Lachiwiri. Mnyamatayo akanakhala wa kwa Kanduku, mbiri yake ikanatha Lachiwiri lomwelo chakumasana, foni itangolira kuti bandulo yanu yatha.