Lamulungu pa Kapinga wa ku Joni

Munthu wotchetcha kapinga wa abwana kuyambira Lolemba mpaka Loweruka mungaganize kuti Lamulungu safunanso kuona udzu. Ayi ndithu. Limenelo ndiye tsiku limene abale athu a ku Joni amasita malaya, kupolisha nsapato, kukwera matekisi awiri, kukakhala pa kapinga wotchetchedwa ndi munthu wina. Akangofika amayamba ndi kuunyoza: "Amene watchetcha apayu ntchito sakuidziwa."

Kotchuka ndi ku Zoo Lake, tsidya lina la msewu wa Jan Smuts, moyang'anana ndi kosungira nyama zakutchire. Malowa anaperekedwa ku mzinda mu 1904 pokumbukira Hermann Eckstein, mkulu wa migodi ya golide, ndipo operekawo analamula kuti anthu a mtundu uliwonse azilowamo. Ngakhale m'zaka za tsankho chipata sichinatsekere munthu wakuda. Koma m'bale wathu sanadzere mbiri. Wadzera zinthu ziwiri: polowa salipira, ndipo pali madzi oti aoneke kumbuyo kwa chithunzi. Apa mupeza mwana wa ku Nkhotakota, wokulira pa nyanja yeniyeni, akulipira marandi ake kuti azungulire thamanda la abakha, uku akulangiza obwereketsa maboti kagwiridwe ka nkhafi.

Zimakoma kwambiri pakakhala mlendo, tinene malume a ku Dedza amene abwera pa basi kudzaoda katundu. Iwo amaima, manja kumbuyo, maso akuyeza dothi.

"Malo onsewa mwini wake ndani?"

"Ndi a khonsolo, malume."

"Khonsoloyo ilibe makasu?"

Muwafotokozere kuti golide asanapezeke mu 1886 kuno kunali udzu wokhawokha, kuti nkhalango yonseyi inadzalidwa ndi manja a anthu, ina kuti ipereke mizati ya m'migodi. Malume amagwedeza mutu, n'kuyang'ana mitengo ya jacaranda imene imachita maluwa mu Okutobala. "Ndiye mwa onsewo sanapezeke ndi mmodzi yemwe woganiza za mango?" Kenaka maso awo amagwera pa abakha onenepa amene akuyenda pakati pa anthu mopanda mantha, ngati kuti Khirisimasi inathetsedwa.

Ku Emmarentia, kumene kuli damu ndi munda wa maluwa a rozi, malume musawatengereko ngati mtima wawo ndi wofooka. Kumeneko mfumu ndi galu. Amabwera pa galimoto, pampando, atatulutsa mutu pawindo. Akadzithandiza, bwana wathunthu, wa ndevu zake, amawerama ndi kajumbo n'kutola. Malume amangoti kukamwa yasa, ndipo muphwa wawo amayang'ana kumbali, poti mkati mwa sabata wonyamula kajumboko amakhala iyeyo. Othamanga nawonso amasokoneza. Mzimayi wadutsa liwiro, thukuta kamukamu, malume aimirira kuti aone chomuthamangitsa. Palibe. Mayiyo wabwera pa galimoto kudzathamanga, ndipo akatopa abwerera pa galimoto.

Munda wa Walter Sisulu ku Roodepoort ndi wokongola, uli ndi mathithi, koma pachipata amalipiritsa, ndipo chimene anthu amakadikira tsiku lonse, khosi lili m'mwamba, ndi ziwombankhanga zakuda za pathanthwe. Kulipira kuti uone mbalame yolusa, pamene kwathu yotere timaikuwiza ikayandikira anapiye! Ulendo umenewo umathera pokambirana. Joubert Park, paki yakale ya pafupi ndi Park Station, aliyense amaidziwa, koma uko foni imakhala mu sokosi.

Tsono ntchito yeniyeni ya tsikuli ndi kujambulitsa. Jekete ndi imodzi, magalasi akuda ndi amodzi, anthu ndi asanu ndi mmodzi, choncho pamakhala mzere. Jumbo ya buledi ndi Fanta imakankhidwira kuseri kwa mtengo. Wojambula amagwada, amadzuka, amalamula kuti, "Musaseke achimwene, olemera saseka." Pakapezeka galimoto yabwino yoimikidwa pafupi, dzanja limaikidwa padenga pake mosamala kwambiri, kuopa alamu. Osati alamu a kwa akazi anu, alamu yolira ija.

Chithunzi chikangokwera pa WhatsApp, foni imayamba kunjenjemera. Asisi akuyamikira kunenepa, n'kukumbutsa za fizi. A mpingo akuti denga la tchalitchi likudikira ana awo a kunja. Mnzake wa ku pulayimale, amene sanalankhulane naye chichokereni, akufunsa ngati abwanawo sakufuna munthu wina. Mwini chithunzi amakhala pa kapinga paja, jekete atabweza kale, akuwerenga makobidi a tekisi.

Malume nawo atulutsa kafoni kawo, ayang'anitsitsa, kenaka asendera pafupi.

"Mphwanga, apatu ukuoneka kuti zikukuyendera. Nanga za feteleza zija?"

"Malume, jeketeyo ndi ya achimwene awa. Galimotonso mwaona nokha mwini wake akutithamangitsa."

"Zimenezo ndaona," atero malume, akukulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri. "Koma akazi anga kumudzi aona ichi, ndipo andiuza kuti ndisabwerere chimanjamanja."